Olemba Asilikali ndi Amisiri Amene Anawanyoza

Chiyambire pamene mafumu a dziko lapansi anaphunzira kumenyana ndi makamu aakulu a nkhondo, vuto lawo loyamba silinakhale mdani wa kutsidya kwa malire ayi, koma mnyamata wa m'dziko lawo lomwe, amene ali ndi munda wake, bwenzi lake ndi amake okalamba, ndipo saona chifukwa chosiyira zonsezi kuti akagone m'matope a dziko la eni. Mneneri Samueli anawachenjeza Aisraeli kalelo, pamene anaumirira kuti awalongere mfumu, kuti mfumuyo idzawatengera ana awo aamuna kuti azithamanga patsogolo pa magaleta ake. Ndipo maufumu onse amene anadza pambuyo pake anakwaniritsa chenjezolo, ena ndi chingwe, ena ndi ndalama, ena ndi ng'oma ndi malaya ofiira. Koma ku Ulaya ndi ku America, pambali pa mlembi wa asilikali panayamba kuima munthu wina wosaitanidwa, wonyamula pepala ndi cholembera, amene anajambula zochitika pa thebulo lolemberalo, nazibwezera kwa anthu m'zithunzi zoseketsa pakamwa koma zowawa mumtima. Amisiri amenewa anazindikira kuti nkhondo ili ndi khomo, ndi kuti munthu asanalowe pakhomopo akadali ndi mpata wofunsa. Chifukwa chake ukali wawo wambiri sanaukhuthulire pa bwalo lankhondo, koma pa khomo lomwelo, ndipo maboma, amene sakwiya pachabe, anawakokera ku bwalo la milandu.

Ku England, m'masiku a ngalawa za matanga, kunali magulu a amalinyero onyamula zibonga, amene lamulo linawalola kugwira amuna m'misewu ya m'madoko ndi kuwaponya m'ngalawa za mfumu. M'chaka cha 1779 James Gillray, ali mnyamata, anajambula gulu lotere likukoka telala wowonda, akazi a pamsewupo akulimbana nalo mwaukali, ndipo chithunzicho anachitcha dzina lonena za ufulu wa nzika ya England, ufulu umene Angelezi ankadzitama nawo pamaso pa mitundu yonse. M'chaka cha 1793, nkhondo ndi France itayamba, anajambulanso ulendo wa John Bull, munthu wa m'zithunzi woimira Mngelezi wamba, m'zigawo zinayi: poyamba ali phee pamoto ndi banja lake, wonenepa ndi wokhuta; kenaka akuguba monyada atavala za usilikali; kenaka mkazi wake ndi ana akukapinyolitsa katundu wa m'nyumba; potsiriza iye akubwera ndi mwendo umodzi ndi diso limodzi, napeza banjalo lili ndi njala. Tisamuyese woyera mtima Gillray ameneyu, pakuti pofika 1797 anali atayamba kulandira ndalama za chaka ndi chaka kuchokera ku boma la nduna yaikulu Pitt, ndipo cholembera chake chinapenya kwina. Komabe njira imene anailambula ena anadzaitsata.

Nyengo yaikulu ya luso limeneli inadza ndi nkhondo ya 1914. Britain, mosiyana ndi Germany ndi France, inalowa m'nkhondoyo ilibe lamulo lokakamiza usilikali, kotero kuti inayenera kukopa ana ake ndi mawu okoma ndi manyazi. Pa 5 September 1914 magazini ya London Opinion inatuluka ndi chithunzi cha Alfred Leete pachikuto pake: nkhope ya Lord Kitchener, nduna yoona za nkhondo, ndevu za pamlomo zili tasa, maso ali tong'o, chala chikuloza wowerenga, kuti dziko lako likufuna iweyo. Zikwangwani zina zinatsatira, ndipo china cha m'chaka cha 1915, chojambulidwa ndi Savile Lumley, chinaonetsa bambo atakhala pampando, kamtsikana kake kali pamiyendo kakumufunsa chimene iye anachita pa nkhondo yaikuluyo, bamboyo ali ndwii, wopanda poyankha. M'misewu akazi ankapatsa anyamata osavala za usilikali nthenga yoyera, chizindikiro cha mantha. Mwa njira zimenezi amuna pafupifupi 2,500,000 analembetsa okha pofika kumapeto kwa 1915, ndipo ambiri anapita akuimba ndi kuseka. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Komabe sanakwane, ndipo mu January 1916 nyumba ya malamulo inavomereza kuti amuna osakwatira a zaka 18 mpaka 41 azitengedwa, afune asafune.

Tsono wowerenga adziwe zimene zinkachitika m'chipinda cholemberamo, pakuti m'menemo ndimo amisiri onyoza anapeza chuma chawo. Mnyamata ankavula zovala zonse, naima pamaso pa dokotala; ankamuyeza msinkhu, umene poyamba unayenera kufika mafiti 5 ndi mainchesi 3, namuzunguliza tepi pachifuwa, namuyang'ana mano ndi mapazi, namugogoda nthiti, monga achitira wogula ng'ombe pamsika asanatulutse ndalama. Sajeni wolemba anthu ankalipidwa pa mutu uliwonse umene wabweretsa, ndipo n'chifukwa chake ana ambiri osakwana zaka anadutsa pakhomopo, sajeni atayang'ana kumbali. Ngakhale muyeso wa msinkhu sunakhazikike: anaukweza pamene olembetsa anachuluka, nautsitsanso pamene anachepa, kufikira anakhazikitsa magulu apadera a amuna aafupi. Chikwangwani cha pakhoma chinkalankhula ndi mtima wa munthu, ulemu wake ndi chikondi chake pa dziko. Koma m'chipindamo munalibe wofunsa za mtima, kupatula kumvetsera ngati ukugunda.

Mwezi wa July 1916 ndi woyenera kuukumbukira pa mbiri imeneyi, pakuti zinthu zitatu zinachitika m'menemo. Pa tsiku lake loyamba, pa mtsinje wa Somme ku France, asilikali a Britain oposa 19,000 anafa dzuwa lisanalowe, ambiri a iwo ali omwe aja anamvera chala cha Kitchener. Pa 6 July, ku America, kumene dziko linali lisanalowe m'nkhondo koma akuluakulu akulalikira za kukonzekera, James Montgomery Flagg anajambula Uncle Sam, munthu wa m'zithunzi woimira America, pachikuto cha Leslie's Weekly, nkhalamba ya ndevu zoyera yoloza chala monga Kitchener, nkhope yake atatengera pa yake yomwe. Chaka chotsatira chithunzicho chinasanduka chikwangwani chosindikizidwa koposa 4,000,000. Ndipo mwezi womwewo magazini yaing'ono ya ku New York, dzina lake The Masses, inasindikiza chithunzi cha Robert Minor, mwana wa ku Texas amene anali atatchuka kale m'manyuzipepala aakulu ndi kajambulidwe kake ka choko chakuda chamafuta. Pachithunzipo paima chimphona chosavala malaya, chifuwa chotambalala, mikono yodzala minofu, chodzaza pafupifupi pepala lonse. Koma pamwamba pa mapewa palibe kanthu, khosi lathera pomwepo, mutu palibe. Pambali pake kadokotala ka asilikali, kochepa thupi, kakuyang'ana m'mwamba ndi chimwemwe cha munthu amene wapeza chimene anachifuna zaka zambiri, ndipo mawu a m'munsi akuti tsopano wapezeka msilikali wangwiro. Minor sanajambulepo mwazi, mfuti kapena mtembo. Anangochotsa chiwalo chimodzi chimene muyeso wa dokotala sunkachifuna, ndipo ine ndiyesa kuti palibe chithunzi china cha nkhondo imeneyo chimene chinanena zambiri ndi mizere yochepa chotere.

The Masses inayamba m'chaka cha 1911, ndipo kuchokera mu 1912 mkonzi wake anali Max Eastman. Inali ya olemba ndi ojambula ake omwe, anthu okhulupirira kuti nkhondoyo ndi ya eni chuma, ndipo ofera m'menemo ndi antchito. Malinga ngati America inali pamtendere, boma linawalekerera. Koma dzikolo linalowa m'nkhondo pa 6 April 1917. Pa 18 May linakhazikitsa lamulo lokakamiza usilikali. Pa 5 June amuna pafupifupi 10,000,000 analembetsa maina awo tsiku limodzi. Ndipo pa 15 June panadza lamulo lina, lotchedwa Espionage Act, limene linati aliyense wotsekereza dala ntchito yolemba asilikali angathe kukhala m'ndende zaka 20, ndiponso linapatsa mkulu wa mapositi ofesi onse, Albert Burleson, mphamvu yokana kunyamula zolembedwa zimene iye waziona kuti n'zosokoneza. Magazini ya August 1917 inakanidwa. Mwa zinthu zimene boma linaloza munali zithunzi zinayi, ndipo choopsa mwa izo chinali cha Henry Glintenkamp: mzinga waukulu, kukamwa kwake atamangirirako mnyamata wamaliseche, pa gudumu atamangapo mkazi woimira ufulu wa anthu wosankha atsogoleri, pamwamba pake mwamuna woimira antchito, ndipo pansi mayi atagwada mosweka mtima, khanda lake lili gone m'dothi.

Eni magaziniyo anasumira Thomas Patten, mkulu wa positi ofesi ya New York, ndipo mlanduwo unagwera m'manja mwa woweruza Learned Hand. Iyeyo anapenda zithunzizo chimodzichimodzi, navomereza kuti zingathe kudzutsa chidani pa lamulo la usilikali. Koma anagamula kuti kudzutsa chidani pa lamulo n'kosiyana ndi kuuza munthu mwachindunji kuti aswe lamulolo, ndi kuti boma likasokoneza ziwirizi ndiye kuti palibenso nzika imene ingadzudzule olamulira pa nthawi ya nkhondo. Chigamulo chanzeru chimenechi sichinakhalitse. Bwalo lalikulu linachiimitsa, kenaka mu November linachigwetsa. Ndipo a positi ofesi, mwa nzeru imene Kalulu yemwe akanaisirira, ananena kuti popeza magazini ya August sinayende pa mtokoma, The Masses siinalinso magazini yotuluka mokhazikika, choncho inataya chilolezo chotumizira pa mtengo wotsika. Iwo eni anaitsekera njira, naiimba mlandu wa kusayenda. Isanafe kumapeto kwa chaka chimenecho inasindikizabe zithunzi ziwiri zimene boma silinaziiwale: china cha Glintenkamp, chosonyeza Imfa, mafupa okhaokha, ikuyeza ndi tepi mnyamata wolembedwa usilikali, china cha Art Young, chosonyeza mkonzi wa nyuzipepala, mwini chuma, wandale ndi mbusa wa mpingo akuvina mosadziletsa ndalama zikuwagwera ngati mvula, aliyense ndi mbendera ya mawu okoma, ya mbusayo yotchula dzina la Yesu, uku Satana akutsogolera oimba amene zoimbira zawo ndi zida zankhondo.

Mu April 1918 Eastman, Floyd Dell, Art Young ndi Merrill Rogers, onse a magaziniyo, anaima pa bwalo la milandu ku New York, akuimbidwa mlandu wopangana kutsekereza kulemba asilikali. Glintenkamp anali atathawira ku Mexico. Woweruza anali Augustus Hand, mbale wake wa Learned uja. Amene analipo anasimba kuti kunja kwa mazenera gulu la malipenga linkaimba nyimbo za fuko pokopa anthu kukongoza boma ndalama za nkhondo, ndipo nthawi iliyonse nyimbo ya fuko ikamveka bwalo lonse linkaimirira, kufikira woweruza analetsa mwambowo kuti mlandu uyende. Art Young, munthu wonenepa, wofatsa, wa zaka zopitirira 50, atafunsidwa chifukwa chimene anaikira Satana patsogolo pa oimba, anayankha kuti popeza mkulu wa asilikali wa dziko lawo lomwe, Sherman, ananena kale kuti nkhondo ndi Gehena, iye anaona kuti n'koyenera kuti mwini Gehenayo atsogolere nyimbo. Masana ena anagona tulo pampando wa oimbidwa mlandu, zaka 20 za ndende zikumulendewera pamutu, ndipo pambuyo pake anadzijambula yekha akuwodzera, nalemba pansi kuti uyu ndi Art Young pa mlandu wa moyo wake. Anthu 12 osankhidwa kugamula sanamvane. Boma linayambiranso mlanduwo kumapeto kwa chaka, John Reed, mmodzi wa olemba a magaziniyo, atabwera kuchokera ku Russia kudzaima pamodzi ndi anzake. Ndipo akuti pamene loya wa boma, potsiriza mawu ake, ankatchula msilikali wina wogona m'manda ku France, kuti anafera Eastman, anafera Reed, anafera Rogers, Young anadzidzimuka kutulo nafunsa ngati msilikaliyo sanamufere iyenso. Ogamulawo sanamvanenso, ndipo boma linausiya mlanduwo. Tisaganize kuti lamulolo linali lofewa, pakuti chaka chomwecho mtsogoleri wa antchito Eugene Debs analamulidwa zaka 10 chifukwa cha mawu otsutsa nkhondo amene analankhula m'mzinda wa Canton. Koma kufotokozera anthu 12 kuopsa kwa chithunzi chimene iwo eni akudziletsa kuti asachiseke ndi ntchito yovuta kwa loya aliyense.

Nkhondo yomweyo inafika ndi kuno kwathu, kumene makolo athu anaitcha nkhondo ya Chiwaya, ndipo kuno chala sichinaloze pa chikwangwani, koma chinagogoda pakhomo usiku. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 analowa usilikali, ndipo pafupifupi 200,000 anasenza katundu monga amtengatenga, ambiri atagwidwa ndi amesenjala a boma, ena akuthawira kutchire ndi kudziko la Apwitikizi. Kuno kunalibe magazini ya zithunzi yoti munthu wakuda ajambulemo. Koma mu November 1914, mwazi utakhetsedwa kale ku Karonga, John Chilembwe analembera Nyasaland Times kalata yofunsa chimene anthu a dziko lino adzapindula pofera mkangano umene si wawo, nanena kuti olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda ndiwo apite akawomberedwe, osati osauka amene akafa asiya akazi amasiye ndi ana ovutika. Boma linaitsekereza kalatayo. Chilembwe ndi Art Young sanadziwane, koma anthu amene wina anawatchula m'kalata ndi omwe wina anawavinitsa pamaso pa Satana. Chipongwe chathu chenicheni chinadzaonekera pabwalo nkhondo itatha, mu beni, malipenga ndi mganda, momwe anyamata ankaguba m'mizere, akuliza zikho m'malo mwa malipenga a mkuwa, ali ndi Kingi wawo ndi dokotala wawo. Ndipo amene angathe kulekanitsa kusirira ndi kunyodola m'magule amenewa ndi wanzeru kundiposa ine.

Ku Germany kunalibe chifukwa chokopera munthu, pakuti usilikali unali lamulo. Koma nkhondo itatalika, amuna athanzi atatha, madokotala a asilikali anayamba kubwereza kuyeza omwe aja anawakana kale, ndi kuwapeza ochira. George Grosz, wobadwa ku Berlin mu 1893, anazidziwa zimenezi ndi thupi lake. Analowa usilikali mwa kufuna kwake mu November 1914, natulutsidwa chifukwa cha matenda chaka chotsatira. Mu 1916, pamene dziko lonse linkaphunzitsidwa kudana ndi England, iye anasintha kalembedwe ka dzina lake kuti limveke Chingelezi, monga anachitiranso mnzake John Heartfield. Mu January 1917 anamuitananso, ndipo anathera m'chipatala cha amisala, kumene anamumasula patapita miyezi ingapo monga munthu wosayeneranso usilikali. M'zaka zimenezo ndimo anajambula chithunzi chake chodziwika koposa. M'chipinda mwakhala akuluakulu a asilikali mozungulira, mitu yometa, makosi onenepa, ena akusuta ndudu, ena akuseka nkhani zawozawo, alembi akulemba. Pakati paima mtembo wovunda, nthiti zili poyera, magalasi akadali pamaso. Dokotala wonenepa waika khutu lake pachifuwa chopanda mtimacho, ndipo m'kamwa mwake mukutuluka zilembo ziwiri, KV, zimene zinkalembedwa pa pepala la munthu woyenera kupita kunkhondo. Pa zenera pakuoneka mafakitale akufuka utsi. Mneneri Ezekieli anaona mafupa ouma akuvala mnofu ndi mpweya asanaimirire kukhala khamu lankhondo. Madokotala a Kaiser, mfumu ya Germany, sanadikire mnofu kapena mpweya. Chimene chimazizira m'nkhongono pachithunzichi si mtembowo ayi, koma kuti mwa onse ali m'chipindamo palibe ndi mmodzi yemwe amene akudabwa.

Zotere sizikanasindikizidwa nkhondo ili mkati. Zinatuluka mu 1920 m'mpukutu wa zithunzi wotchedwa Gott mit uns, ndiwo mawu akuti Mulungu ali nafe amene ankadindidwa pa chitsulo cha lamba wa msilikali wa Germany, ndipo mpukutuwo unaonetsedwa pa chionetsero cha gulu la amisiri lotchedwa Dada ku Berlin, kumene Heartfield ndi Rudolf Schlichter anapachika kudenga chidole chovala malaya a mkulu wa asilikali, chokhala ndi nkhope ya nkhumba. Gulu lankhondo, ngakhale linali litagonja, linali ndi mphamvu zosumira. Mu 1921 Grosz analipitsidwa mamaki 300, ndipo wosindikiza wake, Wieland Herzfelde, mamaki 600, chifukwa chonyoza asilikali. Mlandu suwola, ndipo wa Grosz unangosintha chovala. Mu 1928 Erwin Piscator anaonetsa pa bwalo la zisudzo nkhani ya Švejk, msilikali wa m'buku la Jaroslav Hašek, amene anapita kukalembetsa usilikali atakwezedwa pa njinga ya olumala, akugwedeza ndodo zake ndi changu chonse, kumvera kwake kopitirira muyeso kukhala chipongwe choposa kukana. Grosz anajambula zithunzi za seweroli, ndipo chimodzi chinaonetsa Khristu pa mtanda atavala nsapato za usilikali ndi chophimba kumaso choteteza ku mpweya wa poizoni. Anamuimba mlandu wochitira Mulungu mwano, namulipitsa mamaki 2,000; mlanduwo unakwera ndi kutsika m'mabwalo kufikira 1931, pamene anamasulidwa, woweruza wina atazindikira kuti wonyozedwa pachithunzipo sanali Khristu, koma alaliki amene ankadalitsa mizinga m'dzina lake.

Grosz anachoka ku Germany mu January 1933, kutatsala masiku owerengeka kuti Hitler atenge ulamuliro, nakakhala ku America, dziko lomwe lija linazenga Art Young. Mu March 1935 Hitler anabwezeretsa lamulo lokakamiza usilikali, ndipo madokotala anabwerera pa mathebulo awo ndi matepi awo. Mu July 1937 boma lake linatsegula ku Munich chionetsero cha zithunzi zolandidwa m'nyumba zosungiramo zaluso, zimene linazitcha luso lovunda, kuti anthu adze adzaziseke. Za Grosz ndi za Otto Dix, amene anajambula opunduka a nkhondo, zinali momwemo, ndipo pa khoma analembapo ndi zilembo zazikulu kuti uku ndiko kuwononga dala chitetezo cha dziko. Anthu oposa 2,000,000 analowa kukaona, ena a iwo anyamata amene patangopita zaka ziwiri anaitanidwa kukavula malaya pamaso pa dokotala.